Chitseko Chimene Chinandinyamula

Yotamu mwana wanga,

Ndikulemba ndili pakhonde, dzuwa likadali pamwamba pa mabulugamu, iwe utapita kwa Nchilamwela kukatsanzika amalume ako. Pepala ndapempha kwa aphunzitsi. Pensulo ndi yako yomwe ija unkaifunafuna dzana mpaka kukalipira nkhuku. Ndinaibisa ndine pansi pa mphasa. Usadabwe kuti munthu wogona naye nyumba imodzi akukulembera kalata. Pakamwa sindikutha iwe. Ndikangoti ndiyambe nkhani, umandidula ndi "Bambo, phazi," basi wagwada kale ukutembenuza chidendene changa, nkhani yanga n'kufera m'kamwa. Pepala ulibe polidulira. Ndiliika pamfundo penipeni pa mtolo wako, kuti ukafuna kuumasulanso uyambe wakumana ndi ine.

Inde, ndati kuumasulanso. Ukuyesa sindinaone? Chaka chatha aphunzitsi anakupezera malo ku Kabula kuti ukaphunzire udresa, ntchito yothandiza adokotala m'chipatala, iwe n'kunena kuti chifuwa chakugwira. Chifuwa chake chiti, munthu unkadya chinangwa ngati nguluwe? Chaka chino malo apezekanso, ndipo aphunzitsi anena poyera kuti kachitatu kulibe. Dzulo ndinakuona utatulutsa bulangete mu mtolomo, n'kulibwezamo, n'kumayang'ana mwendo wangawu. Chikukumanga ndikuchidziwa. Ukuti ukachoka, phazi la bambo aziliyang'ana ndani? Ndikuyankha, koma uyambe wamva za machila, pakuti kumene ukupitako azikakubweretsera anthu othyoka misana, ndipo kamba amene ndili naye wokupatsa ndi yemweyu. Mbuzi ndilibe.

Iwe machila wawaona atatha kale ulemu, ali pakona m'nyumba yosungira makasu a esiteti, makoswe akuberekeramo. Ife tinawaona akadali machila. Ine ndi mnzanga Nakoma tinawoloka Ruo limodzi tili anyamata, kuthawa chikoti cha Apwitikizi, ndipo kapitawo atationa mapewa anati awa asalime, azinyamula bwana. Nsungwi yaitali yonenepa, chinsalu chokhuthala chili lendelende kunsi kwake, bwana ali gone m'menemo chipewa chili kumaso, ife tikuthamanga ndi nyimbo, kusinthana mapewa osaima. Galimoto inali isanadziwe njira za kuno. Tinali ndi matama, mwana wanga, osati masewera. Tinkati munthu wokwera machila athu angathe kugwira kapu ya tiyi kuchokera pano mpaka ku boma osataya ndi dontho lomwe. Bodza linalimo, koma pang'ono pokha.

Tsiku lina bwana atapita ku Kabula, ife a machila anatipatsa ntchito yokhoma malata pa shedi yofotetsera masamba a tiyi. Nakoma anaterereka pa lata la mame n'kugwa chagada pa mulu wa njerwa. Titatsika tinamupeza ali maso, akupuma mwabefu. Anati, "Anyamata, musandigwire kaye. Msana." Ndinaona ndi maso angawa zala za kumapazi kwake zikugwedera, ndipo mwendo umodzi anaupinda yekha. Koma kwathu kuno munthu akagwa timatani? Timamudzutsa. Kumusiya chigonere pansi ndiye kuti ulibe chisoni. Tinamukhazika tsonga, wina kumuthira madzi kumutu, wina kumukoka miyendo, ati mitsempha ibwerere m'malo mwake. Kenaka ine, ndi pakamwa pangapa, ndinati, "Bwana kulibe, machila angokhala. Lero akwere wowanyamula!" Onse anavomera. Tinamugwira wina m'khwapa wina m'maondo, thupi lili lopindika pakati, n'kumuika m'chinsalu chija. Ndiye machila sagoneka munthu mowongoka, amamupinda ngati nthochi. Tinathamanga naye mpaka kuchipatala cha ku Makwasa, nyimbo ili pakamwa, liwiro loti bwana mwini wake sanalilawepo. Panjira anakuwa kwambiri, kenaka anasiya. Ife tinati ululu wachepa, ndipo tinawonjezera liwiro.

Dresa wa kumeneko, bambo wodekha wosachedwa kumva, sanayambe ndi mankhwala. Anatenga singano n'kumamubaya pang'ono kuyambira kuphazi kumakwera. "Mukumva?" "Ayi." "Nanga apa?" "Ayi." Atafika pamchombo m'pamene Nakoma anati, "Eya, apo." Anamuuza kuti agwedeze chala cha kuphazi, chala chili zii. Ine ndinati, "Koma kujaku amagwedeza, ndinaona ndine!" Dresa anandiyang'ana, n'kuyang'ana machila ali pakhomo, koma sanandikalipire. Anandifunsa kuti, "Mukamadula msana wa mbuzi, m'kati mwa timafupa tija mumapezamo chiyani?" Ndinati kachingwe koyera kofewa. Anati munthu alinso nako, ndipo mauthenga onse ochoka kumutu kupita kumanja ndi kumiyendo amadzera m'menemo, obwerera nawonso chimodzimodzi. Fupa likathyoka, nthawi zina kachingweko kamakhala kakadali kamoyo, koma ukamupinda munthuyo, fupa lothyokalo limamaliza ntchito. Anangoti, "Tsiku lina mukadzabwera ndi wina, mudzamugoneke pa chinthu chosapindika." Ndinatuluka panja, ndinakhala pansi pafumbi.

Nakoma tinabwera naye kumalayini kuno, kunyumba za antchito. Kuyambira pamchombo kutsika, thupi linali ngati la munthu wina. Madzi poyamba ankakana kutuluka mpaka mimba kutupa, pambuyo pake ankangotuluka osamuchenjeza, kuthengo chimodzimodzi. Amayi ako, tili ongokwatirana kumene, ndiwo ankathandiza mkazi wake kuchapa ndi kumutembenuza. Tsiku lina mwendo wake unadumpha wokha pamphasa, ife kulumpha, akazi nthungululu, ati wachira. Sikunali kuchira, mwana wanga. Mwendo wotere umadumpha mwini wake asanautume, ndipo usadzanamize nazo abale a wodwala. Chinamutenga si msana ayi, koma zilonda za m'matako ndi m'chiuno, zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi osamva kuwawa. Mvula isanathe tinamuika m'manda. Ndipo ukudziwa chimene ankandiuza ndikapita kukamuona? "Koma tsiku lija munathamanga bwino, anyamata. Sindinkadziwa kuti m'machila mumakoma chonchi." Ankanena ndi mtima wonse, analibe mangawa ndi munthu. Mawu amenewo ankandilasa kuposa kutukwana. Komabe ndimamuthokoza mpaka lero, chifukwa akanatitemberera ndikanamuthawa, ndipo sindikanaona zonse zimene ndikukuuzazi.

Ndiye ukamve, Yotamu: usathamangire kunyamula. Munthu akagwa pamwamba, kapena chinthu cholemera chikamumenya kumsana kapena pakhosi, yamba wagwada pambali pake. Umufunse pamene pakupweteka. Umufunse ngati akumva dzanzi, ngati manja ndi miyendo akuzimva kuti ndi zake. Safunsa anadya phula. Usamukhazike, usamukoke, usamupinde. Abale ake adzakukalipira kuti ulibe chisoni, uwaleke akalipe. Ife chisoni tinali nacho chodzaza dengu, ndipo ndicho chinadula Nakoma. Usathamangire kunyamula.

Patapita zaka ndinalakwanso, ulendo uno chifukwa chodziyesa wodziwa. A Gomiwa, nkhalamba imene inkalonda nazale ya tiyi, anapunthwa pa muzu n'kumenyetsa chibwano pa chitsa. Anadzuka okha, anayenda okha mpaka kunyumba. Koma m'mawa mwake manja anakana. Khasu osaligwira, chikho osachigwira, nsalu yawo yomwe osatha kuimanga, zala ati zikuyaka ngati azipaka tsabola. Kapitawo anati akuthawa thangata. Anthu anabwera kwa ine, poti ndinali nditatchuka kuti za misana ndimazidziwa, ine n'kutukula chifuwa: "Ine ndinaona Nakoma. Msana umapha miyendo, osati manja. Munthu akuyenda chonchi? Agogowa atopa ndi ntchito basi." Ha! Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Mdzukulu wawo atawaperekeza ku Makwasa, dresa yemwe uja anati vuto lili pakhosi. Kachingwe kaja sikanaduke, kanangotunduzika m'kati mwake, ndipo kwa okalamba ogwa chamutu chonchi manja ndiwo amafooka kuposa miyendo. Anachira pang'onopang'ono, zala zina zinabwerera, koma mfundo sanamangenso. Ankati akandiona ndikudutsa, "Adokotala a machila, tabwerani mundimangire nsaluyi!" Ndinkapita ndithu, mutu uli pansi, iwo akuseka mpaka kutsokomola. Anandilanga ndi nthabwala zokha, Mulungu awasunge kumene aliko. Iwe wodwala akakuuza chimene akumva, umukhulupirire. Kuyenda sikutanthauza kuti khosi lili bwino.

Manyazi amenewo ndiwo anandipititsa kwa dresa uja kukafunsa bwinobwino, ndipo anandipatsa mafunso awiri amene ndakhala nawo mpaka lero. Loyamba: kachingwe kavulala pati? Kakavulala pakhosi, manja ndi miyendo zonse zili pamavuto, ngakhale mpweya umene. Ndinaonapo mayi wina amene anaterereka pamtsetse ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Ankapuma ndi mimba yokha, chifuwa chili chete, mawu ngati akunong'ona, ndipo sanakhalitse. Kakavulala pakati pa msana, manja amapulumuka koma miyendo ndi mimba zimapita, monga Nakoma. Kakavulala cha m'chiuno, nkhondo imakhala ya miyendo ndi ya madzi. Kukwera kwa bala ndiko kukula kwa tsoka. Lachiwiri: kaduka konse, kapena katsalako? Kakaduka konse, kunsi kwa balalo kulibe kumva, kulibe kugwedera, mpaka kumatako kwenikweni. Kakatsalako, umapeza kanthu kakang'ono: chala chimodzi chogwedera, malo amodzi omva singano. Kanthu kameneko ukasamale ngati khala lamoto lotsala lokha m'mudzi mvula ikugwa. Anandiuzanso kuti usagamule tsiku loyamba, chifukwa masiku oyamba thupi limangoti zii lonse ngakhale kwa amene adzadzuke. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumeneko akakupatsa maina a Chizungu a zonsezi, ndi zina zambiri zimene ine sindizidziwa. Ukawagwire bwino, ndipo zanga zikasiyana ndi zawo utsate zawo, undilembere kuti nanenso ndidziwe.

Tsopano za ine. Nkhaniyi waimva kwa anthu ambiri, koma kwa ine ayi, ndipo tsiku limenelo unali kusukulu. Malole atabwera machila anatha ntchito, ife anatitumiza kodula nkhuni za ng'anjo ya fakitale. Bulugamu amene tinkagwetsa anakodwa pa mnzake, nthambi yaikulu n'kuthyoka, kundimenya kumsana mbali ya kumanja, m'munsi mwa phewa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinagwa chafufumimba, mpweya wonse unathawa, mawu osatuluka. Ndikumva anthu akuthamanga, ndikumva kapitawo akuti, "Bwana walola, katengeni machila akale aja. Munthuyu anawanyamula zaka zambiri, lero amunyamule iye." Mwana wanga, mantha amene ndinamva nditaona nsungwi ija ikubwera pakati pa mitengo sindinawamvepo chibadwire. Ndinayesa kunena kuti ayi, kunangotuluka kamphepo. Wina anawerama n'kumva, n'kuseka: "Musachite manyazi, a Muliya, lero ndi tsiku lanu!" Manja anali atandigwira kale m'khwapa.

Pamenepo ndi pamene anatulukira amayi ako, dengu likadali kumsana, masamba a tiyi akutayika njira yonse. Iwe umawadziwa, munthu woti pagulu la amuna sakweza mawu, moni amapereka atagwada. Tsiku limenelo anakankha mwamuna wamkulu ndi dzanja limodzi, n'kuima pamwamba panga. "Amene afuna kumugwira ayambe wagwira ine. Machilawo bwezani kumene mwawatenga. Anadya Nakoma, uyu sadya." Anatembenukira kwa amalume ako, amene tinkadula nawo nkhuni: "Achimwene, thamangani kunyumba, dulani zikopa zomangira chitseko, mubwere nacho." Chitseko chathu chomwechi, cha matabwa, chimene ndinasinthanitsa ndi mbuzi yanga yomaliza kwa kalipentala wa ku mishoni, chokhacho cha matabwa m'layini yonse, anzathu akutseka ndi bango. Ndinkachipukuta ngati mwana, ndipo amayi ako ankanditonza nacho kuti ndinakwatira chitseko.

Chitafika, phokoso linabuka. "Malodza! Wamoyo sanyamulidwa pathabwa ngati mtembo!" "Mayi, mukumuitanira imfa mwamuna wanu!" Gogo wina analavula malovu n'kufulatira. Kapitawo anati, "Kodi mukunyoza ulemu wa bwana?" Amayi ako anayankha kuti, "Ulemu ndauona, mukathokoze. Koma ine ndikufuna mwamuna wodzayendanso." Sanaphunzire kusukulu iliyonse. Anangochapa nsalu za Nakoma miyezi yonse ija, n'kumandimva ine ndikubwereza mawu a dresa zaka ndi zaka, ine n'kumayesa sakumvetsera. Anandigwira mutu iwo eni, amuna anandigubuduza onse pamodzi ngati chipika, mapewa ndi chiuno kuyendera limodzi, n'kundimanga pachitsekopo ndi nsalu yawo ndi luzi. Ndiye analamula: "Musathamange, ndipo musayimbe."

Tangoganiza, Yotamu. Amuna akuyenda pang'onopang'ono, ali chete, munthu ali thasa pathabwa, mkazi wake akutsatira pambuyo. Pofika m'malayini, akazi anayamba kulira maliro, amuna kuvula zipewa. Azakhali ako, mlongo wanga, anadzigwetsa pansi n'kumagubuduka, akutchula makolo onse a kutsidya kwa Ruo. Mpweya unali utabwererako pang'ono, ndiye ndinati, "Alongo, sungani misoziyo, ndikadalipo." Iii! Mayi wina anataya mtsuko n'kuthawira m'tiyi. Onyamula anafuna kuseka, amayi ako anati, "Amene agwedeze chitsekochi aona." Tinafika ku Makwasa dzuwa litapendeka. Dresa uja, imvi zili mbuu tsopano, anayang'ana chitseko, anandiyang'ana ine, n'kundizindikira. Anati, "Gwedezani chala." Cha kumanzere chinagwedera. Amayi ako m'pamene anakhala pansi n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kosatonthozeka.

Ndikuuza izi kuti udziwe amene anakubala. Ine moyo uno ndinaulandira kawiri, koyamba kwa Mulungu, kachiwiri kwa mkazi amene analola kutchedwa wamalodza pamaso pa esiteti yonse. Ndikawaona akukoka dengu m'mawa ndimathokoza, ndikawamva akundikalipira za fodya ndimathokozabe. Nawenso tsiku lina udzaima pakati pa anthu okonda wodwala wawo, onse akufuna kumuchitira chabwino chomupha. Udzakumbukire chitseko. Usathamangire kunyamula, ndipo usaope kudedwa kwa tsiku limodzi.

Kuchipatala ndinagona chagada miyezi, ndipo zilembo zimene ndikulemba nazozi ndinazikhwimitsira komweko, iwe ukundibweretsera sileti Loweruka lililonse. Singano ya dresa inapeza zodabwitsa pa ine. Kachingwe kanga kanavulala mbali imodzi yokha, kanatsalako. Mwendo wa kumanja, mbali imene nthambi inamenya, singano umaimva, moto umaumva, koma kuyenda umachita kukakamizidwa, ndipo ndikatsinzina sindidziwa pamene uli. Wa kumanzere ndi wamphamvu, umaponda bwino, ukaukhudza umadziwa kuti waukhudza, koma ululu ndi kutentha suzimva. Ndiwe unawapatsa maina uli mwana wopanda ulemu: wa kumanja Waulesi, wa kumanzere Gonthi. Maina amenewo anandiseketsa tsiku limene ndinkafuna kulira, ndipo sindinakuthokozepo.

Kulakwa kwanga kwina ukukudziwa, unalipo. Nyengo yozizira yoyamba nditabwerako, chiperoni chili mbuu panja, ndinakhala pafupi ndi moto. Waulesi anadandaula kutentha, ndinamukokera kumbuyo ndi manja. Gonthi sananene kanthu, ndinamusiya pomwepo. Patapita nthawi ndinamva kafungo, n'kufunsa kuti, "Kodi ndani akuwotcha nyama osandigawira?" Iwe unakuwa n'kundikoka. Nyamayo ndinali ine. Chilonda chimenecho chinatenga mpaka kutha kwa mvula kuti chipole, ndipo dresa anandiuza mosabisa kuti pa mwendo wosamva, kabala kakang'ono kosaoneka msanga kangathe kutenga munthu monga zinatengera Nakoma. Anati phazi limenelo liziyang'anidwa tsiku lililonse, pansi pake ndi pakati pa zala. Ine msana sulola kuwerama. Amayi ako maso anali atayamba kale kuchita nkhungu. Unatsala iwe. Odwala ako ukawauze zimenezi: malo osamva kuwawa ndiwo ofunika maso.

Kuyambira pamenepo sunaphonyepo, mwana wanga. Anzako akupita kokumba mbewa, iwe uli pa phazi langa. Anzako akupita kukwaya, kumpira, kenaka koyang'ana atsikana kuchitsime, iwe uli ndi singano ukuchotsa minga ndi matekenya, ukuboola matuza, ukutsuka ndi madzi amchere. Unandisokera nsapato za tayala, zoipa maonekedwe ngati achule, koma zandisunga. Sunanyansidwepo, sunandiwerengerepo. Anthu amati mwana ndi chuma, ine ndimati akunena zimene sakuzidziwa bwino, abwere adzaone wanga. Zikomo, Yotamu. Ndanena pepala lisanathe, kuti ndingadzafe ndisananene. Zikomo kwambiri, mwana wanga.

Koma pali china choti ndikuuze, ndipo ndicho chandigwiritsa pensulo. Chaka chatha utanama za chifuwa, ine ndinadziwa kuti ukunama, ndipo mumtima ndinakondwa. Ndinangoti, "Chabwino, uchire kaye." Amayi ako anadikira mpaka iwe utapita kotunga madzi. Ndiye anaima pakhomo ndi maso awo ankhunguwo, n'kundifunsa kuti, "Kodi ndinakulanditsani m'machila kuti mwanayu akhale machila anu?" Ndinakwiya, ndinatukwana ndodo, sindinadye. Koma ananena zoona. Ndinali nditakwera pamapewa ako, ndagona bwinobwino chipewa chili kumaso, iwe ukuthamanga. Ndipo ine ndi amene ndikudziwa kuposa wina aliyense kuti m'machila mumakoma, koma mumapinda munthu. Iwe ukapanda kupita ulendo uno, udzakalamba uli chogwada pa phazi la nkhalamba, ndipo anthu onse amene manja akowo akanawagoneka pathabwa adzanyamulidwa ndi anthu achisoni ngati ife.

Ndiye tamvera zimene takhala tikuchita iwe ukapita kukathandiza aphunzitsi m'mawa. Amalume ako anandibweretsera kagalasi koyang'anira nkhope kuchokera kwa mmwenye ku Luchenza. Ndinakamangirira ku bango. Ndimakhala pampando, Gonthi ndimamuika pa mtondo, kagalasi pansi pake, phazi lonse ndimaliona mpaka pakati pa zala. Maso ndi anga, zala ndi za amayi ako. Ine ndimati, "Pamwamba pang'ono, ayi kumanzere, mayi inu, kumanzere kwanu!" Iwo amati, "Mukandikalipiranso ndibaya Waulesi kuti mumve." Tayamba kuyambira pamene anayamba kudulira tiyi, ndipo sitinaphonye. Ukukumbuka sabata yatha unapeza kabowo koyera bwino pansi pa chala chachikulu, n'kufunsa kuti, "Bambo, thekenya ili latuluka lokha?" Ine ndinati eya. Iwe wophunzira iwe, unamva kuti thekenya kutuluka lokha? Tinalichotsa ife, lonse ndi thumba lake osaliphulitsa, n'kutsuka ndi mchere monga umachitira. Utatuluka amayi ako anaseka mpaka kugwira khoma. Kagalasiko kali pansi pa mphasa, pamene panali pensulo yako. Ukafuna, madzulo ano ukhale pambali manja ali m'thumba, uone ife tikugwira ntchito.

Tsono ukapita, upite ndi mtima wonse. Ukamva mphekesera kuti a Muliya adwala, usakwere sitima, anthu a kuno anandilirapo kale ndili moyo. Kabala kakatikanika sindibisa, ndikwera lole ya masamba kupita ku Makwasa tsiku lomwelo, ndalonjeza pamaso pa amayi ako ndipo iwo saiwala lonjezo la munthu. Iwe udzabwere pa holide, udzatiyese mayeso. Kumeneko ukapeza wodwala wa kutsidya kwa Ruo amene Chinyanja chikumuvuta, umulankhule Chilomwe, usachite nacho manyazi chifukwa cha yunifolomu. Wogona osatha kudzitembenuza umutembenuze usana ndi usiku ngakhale palibe wokuona, nsalu yake ikhale youma. Amene wadziipitsira usamukwinyire nkhope, manyazi ake ndi okwana kale. Mowa wa m'tauni ndilibe nawo mawu ambiri, manja onjenjemera sagwira singano. Pemphera. Ndipo ndikubwerezanso, poti ndine bambo ako ndipo palibe angandiletse: usathamangire kunyamula.

Ndikuona amayi ako akutsika mtunda ndi dengu, ndiye ndimalize asanandifunse chimene ndikulemba. Chatsala chinthu chimodzi chokha chimene ndikukupempha. Chitseko chathuchi chibwerereni ku Makwasa sichinakhalenso bwino, chimakhula pansi, chimafuna kuchinyamula pang'ono potseka. Zaka zonsezi ukamatuluka m'mawa umatseka ndiwe, kuti ine ndisadzuke. Mawa kukacha senza mtolo wako, mfundo ili chimangire, utsanzike amayi ako, utsegule, utuluke, uchisiye chotsegula. Usatembenuke. Ukafika pa bulugamu woyamba uja uime, utchere khutu. Udzamva ndodo. Udzamva Waulesi akukhwekhwereza pansi, akudandaula monga mwa masiku onse. Zitenga nthawi, usabwerere. Ukamva chitseko kuti gu, udziwe kuti ndatseka ndine, ndipo uzipita.

Ndine bambo ako wokuthokoza,
Muliya